Usiku umene kora inalowa mu session ku Glasgow

Abale anga, nkhaniyi ndakhala nayo kukhosi kuyambira Januwale nde lero ndati ndiikhuthule basi. Amene munakhalako ku Glasgow nyengo imeneyo mukudziwa mmene kumakhalira, 4 koloko masana kunja kwada kale, kamvula kowaza kosaleka, mphepo yolowa mpaka m'mafupa moti ukaweruka kuntchito chimene umafuna ndi bulangete basi. Nde tsiku lina tikumaliza shifiti mayi ena achikulire amene ndimagwira nawo ntchito anandigwira pamkono amvekere, mwanangu Lachinayi madzulo usapange pulogalamu ina, tikamvere mdzukulu wanga akuyimba. Ine ndinavomera chifukwa cha ulemu, mayiwa anandigwira dzanja kwambiri nditangoyamba kumene ntchito nde sindikanawakanira. Mumtima ndinkati ndikudziwa kale zimene ndikamve, chifukwa kwa ine nyimbo za kuno zinali zija za abambo ovala kilt oyima mu Buchanan Street kuwuzira bagpipe, zitoliro za thumba la mpweya zija, alendo odzaona malo nkumawajambula.

Tinakalowa m'bala ina yaing'ono, tinadutsa pamene anthu amaonera mpira nkukafika kukachipinda kakuseli. Kunalibe siteji, kunalibe maiki, palibe analipira pakhomo. Matebulo awiri atawagundanitsa, achinyamata ngati naini atakhala mozungulira, ambiri mwa iwo sanafike ndi zaka 25 zomwe, majekete onyowa ataunjika pakona. Zimenezi amazitcha session, ndipo mdzukulu uja anali pakati ndi vayolini yake, imene pa nyimbo za makolozi amaitchula kuti fiddle ngakhale chida chake nchimodzimodzi. Mmene zimayendera ndi chonchi, mmodzi amangoyamba nyimbo osalengeza, amene akuidziwa amalowa, amene sakuidziwa amakhala duu nkumamvetsera. Zambiri zilibe mawu, ndi zovinira, zili ndi zigawo ziwiri, choyamba kawiri chachiwiri kawiri kenako kuyambiranso pamwamba, nthawi zambiri maulendo atatu, nde ikamatha ulendo wachitatuwo woyambitsa uja amadzutsa maso kapena kukuwa kamodzi kuti hup, onse nthawi imodzi alumphira nyimbo ina osapumira. Palibe pepala pamaso pa aliyense, zonse zili mmutu. Ine kukamwa kunangoti yasa, zala za mwana uja zinkathamanga ngati sizikukhudza nkomwe nsambo.

Patapita mwina theka la ola panalowa mnyamata wina wamtali atabereka chikwama chachikulu kumsana, anzakewo anangosendera nkumupatsa mpando, kusonyeza kuti samayamba lero kubwera. Atatsegula anatulutsa kora. Kwa amene simunaionepo, ndi chipanda chachikulu chodulidwa pakati nkukutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali utapyoza, nsambo 21 zitandanda mizere iwiri, masiku ano zimakhala za nayiloni ngati zowedzera nsomba zija. Woyimba amachiyang'anitsa kwa iye, zala zitatu za dzanja lililonse zimagwira timitengo tiwiri tam'mbali, nde zoliza zimatsala zinayi zokha, zala zazikulu ziwiri ndi za mkombaphala ziwiri, koma ukatseka maso ungati akuyimba anthu atatu. Ndi chida cha a Mandinka, ku Gambia, Senegal, Mali ndi Guinea, ndipo kuyambira kale chimayenda m'mabanja a ajali, anthu osunga mbiri ndi mayina a makolo kudzera m'nyimbo. Mayi aja anandinong'oneza kuti mnyamatayu anabadwira konkuno koma bambo ake ndi a ku Gambia ndipo ndi amene anamuphunzitsa.

Chimene chinandigwira mtima poyamba ndi chakuti sanayimbe. Anaika kora pamiyendo, anzake akuthamanga ndi nyimbo iye mutu uli pansi phazi lokha likugunda, anakhala choncho nyimbo zingapo. Kenako anafunsa mtsikana uja kuti yotsatirayo ili mu kiyi yanji, anayamba kukunga nsambo imodziimodzi khutu ataligunditsa pamtengo chifukwa m'chipindamo munali phokoso, ndipo anzake anamudikira, palibe anamufulumizitsa. Kora si ngati gitala yoti ungasinthe kiyi pongosuntha chala, nsambo iliyonse ili ndi liwu lake limodzi nde ngati nyimboyo ikufuna liwu limene palibe uyenera kukonzeratu.

Mtsikana uja anayamba jig. Jig imayenda ndi magunda sikisi, ndipo a fiddle amaigawa pawiri, atatu kuno atatu uko, ukamawerenga umati wani thu fili, wani thu fili. Ulendo woyamba mnyamata uja anangotsatira pansipansi ndi zala zazikulu. Ulendo wachiwiri anatenga magunda sikisi omwewo nkuwagawa patatu, awiriawiri, nde zinthu ziwirizi zinayamba kuyenda pamodzi, kukumana poyambira, kusiyana pakati, kukumananso, ngati anthu awiri osiyana miyendo akuyenda njira imodzi atagwirana manja. Ndinaona ndi maso anga mtsikana uja atasokonezeka pang'ono, uta wake unaphonya, anatukula nsidze nkumuyang'ana mnyamatayo, kenako anamwetulira, anachepetsa tizokometsera tonse timene amaika ndi zala nkusiya mipata yoti kora izimvekamo. Wa bodhrán, kang'oma kafulati ka chikopa cha mbuzi ka ku Ireland kamene amakamenya ndi kandodo kakafupi, anasiyiratu kumenya chifukwa anamva kuti ntchito yake yagwiridwa kale. Nyimbo inali yomweyo koma inasanduka ina, inafutukuka, tsitsi linandiyima ndithu. Anthu amene amaonera mpira aja ena anabwera kudzasuzumira pakhomo matambula ali m'manja.

Koma sikuti onse anakondwa. Pafupi ndi ife panakhala bambo ena okalamba a chipewa, amene mayi aja anati akhala akubwera ku ma session zaka zosawerengeka ndipo kale ankaliza akodiyoni zala zisanayambe kuuma. Nyimbo itatha anapukusa mutu nkunena motsitsa kuti mwanayu ali ndi luso koma imeneyi si nyimbo ija anaisiya makolo. Ine bambowa sindikuwaweruza ngakhale pang'ono, chifukwa ndakhala ndikufunsafunsa ndi kuwerenga ndipo ndamvetsa pamene mantha awo akuchokera. Tikamati nyimbo za chi Celtic tikunena za anthu a ku Ireland, Scotland, Wales, Isle of Man, Cornwall ndi Brittany ku France, zilankhulo sikisi zimene zonse zinapanikizidwa koopsa. Ku Scotland lamulo la maphunziro la 1872 silinachipatse malo chi Gaelic m'sukulu, ana ankalangidwa akachilankhula, ndipo pofika kalembera wa 2011 ochilankhula anali atatsala pafupifupi 57,000 basi. Nyimbo zambiri zinapita kumanda ndi eni ake. Munthu amene waona chinthu chake chikutsala pang'ono kufa amachigwira ndi manja awiri, nde akamva mwana akuchithira zina mtima umamupweteka, zimenezo nzomveka.

Komabe nditabwerera kunyumba ndinayamba kuganiza za zida zimene zinali patebulo paja, chimodzichimodzi. Panali bouzouki, chonga gitala cha khosi lalitali, chimene lero aliyense amachiona ngati cha ku Ireland, koma kwawo ndi ku Greece, anabwera nacho mu nyimbo za ku Ireland ndi Johnny Moynihan m'ma 1960, kenako Andy Irvine ndi Dónal Lunny anachikuza mu bandi ya Planxty. Panali banjo, imene mizu yake ili kuzambwe kwa Africa, inawoloka nyanja ndi anthu ogwidwa ukapolo, inakulira ku Caribbean ndi ku America isanafike m'manja mwa anthu a ku Dublin. Akodiyoni imene bambo aja ankaliza inalembetsedwa koyamba ku Vienna mu 1829. Vayolini mmene tikuidziwira lero inaumbidwa ku Italy m'zaka za m'ma 1500. Polka imene amavina ku Kerry ndi ku Cork ku Ireland ngati ya agogo awo inachokera ku Bohemia. Ngakhale mmene mnyamata wa gitala anakungira nsambo zake, kakungidwe kamene amakatcha DADGAD ndipo kali paliponse mu nyimbo za chi Celtic, anakafalitsa ndi Davey Graham atapita ku Morocco kumayambiriro kwa m'ma 1960 nkumva mmene amalizira oud, chida cha nsambo cha Aluya. Ndipo Davey Graham ameneyu bambo ake anali a pachilumba cha Skye ku Scotland, mayi ake a ku Guyana. Paja akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, nde patebulo paja pafupifupi chida chilichonse chinafika ngati mlendo, kungoti chinakhalitsa mpaka anthu anaiwala tsiku limene chinagogoda.

Achinyamatawa njira anaipeza yolambula kale. Andy Irvine yemweyo anapita kukayendayenda ku Balkans mu 1968 nkubwerako ndi magunda a ku Bulgaria osagawika pakati aja, seveni, naini, leveni, amene ukawamva koyamba umaona ngati nyimbo ikutsimphina koma ukawazolowera thupi limafuna omwewo. Peter Gabriel ndi anzake anayambitsa chikondwerero cha WOMAD mu 1982, ndipo ku kampani yake yojambula nyimbo ya Real World nkumene kunatulukira chimbale choyamba cha Afro Celt Sound System mu 1996. Amene anasonkhanitsa gululo, Simon Emmerson, ganizo linamubwerera akugwira ntchito ndi Baaba Maal wa ku Senegal, atamva nyimbo ina imene inamukumbutsa kayimbidwe kachisoni ka ku Ireland. M'gulu limenelo munakumana Iarla Ó Lionáird woyimba mchi Irish mwa kayimbidwe kakale kopanda zida kotchedwa sean-nós, N'Faly Kouyaté wa ku Guinea ndi kora komanso balafon, Johnny Kalsi ndi ching'oma cha dhol cha ku Punjab. Emmerson anatisiya mu 2023.

Koma amene achinyamata a ku Scotland amamutchula ndi ulemu wapadera ndi Martyn Bennett, ndipo mbiri yake imandikhudza nthawi zonse ndikaiganiza. Anabadwa mu 1971 ku Newfoundland ku Canada, anakulira ku Scotland, mayi ake Margaret Bennett ndi woyimba komanso katswiri wa za chikhalidwe wochokera ku Skye nde mwanayu anayamwira nyimbo za makolo kubere. Anali namatetule pa bagpipe, anaphunziranso vayolini ya classical kusukulu ya ukachenjede, koma usiku ankapita ku ma club kukavina zamakono, ndipo sanaone chifukwa choti zinthu zimenezi zizikhala m'nyumba zosiyana. Atadwala khansa mpaka mphamvu zolizira zida kumuthera, anatenga mawu ojambulidwa kalekale a anthu akumudzi ndi a Traveller, anthu oyendayenda aja amene ankanyozedwa koma ndi amene anasunga nyimbo zambiri zakale, monga Sheila Stewart ndi Lizzie Higgins, nkuwaika pamwamba pa mabiti olemera a pakompyuta. Chimbale chimenecho, Grit, chinatuluka mu 2003, iye anamwalira mu Januwale 2005 ali ndi zaka 33 zokha. Patatha zaka teni, mu 2015, chikondwerero cha Celtic Connections chinatsegulidwa ndi gulu lalikulu la orchestra likuyimba chimbale chonsecho pamaso pa anthu. Chimene ndimamva ndikamamvetsera nchakuti mawu a amayi aja sanawapondereze, sanawasalaze kuti akome m'khutu, anawasiya okhakhala mmene analili ndipo zonse zamakonozo zimawagwadira iwowo.

Celtic Connections imeneyi imachitika konkuno ku Glasgow chaka ndi chaka kuyambira 1994, pakati pa Januwale mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale, nthawi imene mzinda umakhala wozizira komanso wosowa chochita, ndipo oyimba amachokera ku Mali, ku India, ku Spain, ku Canada, kulikonse. Nkomwenso amachitira mpikisano womaliza wa BBC Radio Scotland wosankha woyimba wachinyamata wa nyimbo za makolo, umene unayamba mu 2001.

Ndinamufunsa mdzukulu uja kuti zonsezi anaziphunzira kuti, anati anayambira ku fèis ali ndi zaka eyiti. Fèis ndi misonkhano ya patchuthi imene ana amaphunzitsidwa zida, nyimbo ndi chi Gaelic, yoyamba inachitika pachilumba cha Barra mu 1981 makolo ataona kuti ana awo akukula osadziwa kanthu, lero zili ponseponse ku Scotland. Kuli sukulu ya sekondale ku Plockton imene kuyambira 2000 ili ndi nthambi yapadera ya nyimbo za makolo. Ku Royal Conservatoire of Scotland digiri ya nyimbo za ku Scotland inayamba mu 1996, ku Newcastle University ya folk, kutanthauza nyimbo za makolo, inayamba mu 2001, ndipo ku England kuli National Youth Folk Ensemble kuyambira 2016. Ku Ireland bungwe la Comhaltas lakhala likuphunzitsa ana kuyambira 1951. Kulinso misasa ya Ethno imene inayambira ku Sweden mu 1990, kumene achinyamata a mayiko osiyanasiyana amagonera pamodzi sabata yathunthu kapena kuposa, aliyense kuphunzitsa anzake nyimbo yakwawo ndi khutu basi popanda pepala. Nde mukaona mwana wa zaka 22 akusakaniza reel, mtundu wina wa nyimbo zovinira zothamanga, ndi magunda a ku Bulgaria musaganize kuti akungosewera, ambiri a iwo zakwawo amazidziwa kuposa mmene makolo awo ankazidziwira, ndipo pamwamba pake ali ndi foni m'thumba imene ikuwamvetsa woliza sarangi, chida cha nsambo cha uta, wa ku Delhi nthawi ina iliyonse.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi Brìghde Chaimbeul, mtsikana wa ku Skye amene anakula akulankhula chi Gaelic pakhomo. Iye amaliza smallpipes, bagpipe yaing'ono ya mawu ofatsa imene sauzira ndi pakamwa koma amapopa mpweya ndi kamvukuto kopanira pachigongono. Anapambana mphoto ya BBC Radio 2 ya oyimba folk achinyamata mu 2016 asanakwane ndi zaka 20 zomwe, ndipo pa chimbale chake choyamba cha 2019 anaika nyimbo za ku Bulgaria pambali pa zakale za chi Gaelic. Chifukwa chake nchomveka, ku Bulgaria nakonso ali ndi bagpipe yawo, gaida, ya thumba la chikopa cha mbuzi, ndipo zida zonsezi zili ndi liwu lija lapansi long'ung'udza losaleka limene nyimbo yonse imatsamirapo. Iye anapita komweko kukamva kwa eni ake. Ukamamvetsera suona msoko, sudziwa pamene Skye yathera ndi pamene Bulgaria yayambira. Mu 2023 anajambulanso ndi Colin Stetson woliza saxophone, ndipo pamenepo zinafika pena poti sindidziwa ndizitche chamba chanji koma ndimazimvetsera ndikaweruka shifiti ya usiku ndipo zimanditsitsa mtima.

Ina ndi nkhani ya Catrin Finch woliza zeze wa ku Wales ndi Seckou Keita wa ku Casamance ku Senegal. Anakumana mu 2012 mosakonzekera, Catrin amayenera kuyimba ndi Toumani Diabaté wa ku Mali koma kulandidwa kwa boma kumeneko kunamuchedwetsa nde Seckou anaitanidwa kudzathandiza pokonzekera. Zeze wa nsambo 47 ndi kora ya Seckou imene ili ndi 22, zinangogwirizana ngati pachibale, anatulutsa chimbale mu 2013 ndi china mu 2018 chimene mutu wake unali mbalame ya osprey, yodya nsomba ngati nkhwazi, imene imaswera ku Wales koma kukazizira imauluka mpaka kuzambwe kwa Africa. Mbalameyo kwawo nkuti? Konsekonse.

Ku England nkhani yake ndi yosiyanako ndipo ndi yowawa mwina. Cecil Sharp anayamba kutolera nyimbo za anthu akumudzi ku Somerset mu 1903, ntchito yake inapulumutsa nyimbo zambirimbiri ndipo nyumba ya dzina lake ku London ikadali likulu la folk mpaka lero, koma chithunzi chimene chinatsala m'mitu ya anthu chinali cha England wa kumudzi wa azungu okhaokha. Zinafika poti chipani china cha tsankho chinayamba kugwiritsa ntchito nyimbozi ngati zake, mpaka oyimba anayambitsa gulu la Folk Against Fascism mu 2009 kukana zimenezo. Zisanafike apo, Simon Emmerson uja anasonkhanitsa gulu la The Imagined Village, limene chimbale chake choyamba chinatuluka mu 2007, mmene Martin Carthy ndi mwana wake Eliza Carthy ankayimba nyimbo zakale za chi English limodzi ndi sitar ya Sheema Mukherjee, dhol ya Johnny Kalsi ndi ndakatulo za Benjamin Zephaniah, kunena kuti England ya lero ndi imeneyi, ya Birmingham ndi Southall kumene kumakhala anthu ambiri ochokera kumayiko ena, nde nyimbo zake zizimvekanso choncho. Mu 2022 Angeline Morrison, amene mayi ake ndi ochokera ku Jamaica ndipo bambo ake a ku Outer Hebrides, atafufuza m'nkhokwe za nyimbo zakale nkusowa nyimbo zonena za anthu akuda amene akhala ku Britain zaka mazanamazana, anangopeka yekha zatsopano mwa kayimbidwe kakale komweko. Cohen Braithwaite-Kilcoyne, mnyamata woliza melodeon ndi concertina, zida zonga akodiyoni, wakhala akulondola nyimbo za ku Britain zimene zinawoloka kupita ku Caribbean nkusinthira komweko, ndipo akuzibweretsanso kuno mmene anthu akumeneko anaziyimbira. Kwa anthu ngati amenewa kusakaniza si fashoni, ndi mmene magazi awo alili.

Tsono ndisakunamizeni kuti zonse nzokoma, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Nditatenthedwa mtima ndi session ija ndinagula tiketi ya mapaundi 25 ya shoo ina imene pa positala analemba mawu akuluakulu a kukumana kwa Celtic ndi Africa. Ndinatuluka mtima uli kuwawa. Bandi inayimba nyimbo zake mmene imayimbira masiku onse, ndipo kumbuyo kwenikweni pafupi ndi sipika anakhazikako bambo wina ndi ng'oma ya djembe, malaya amaluwamaluwa, akungomenya kutsatira wa ma drum. Ndinkaona manja ake, ndinadziwa kuti munthuyu ali ndi zambiri zoti anene koma palibe anamufunsa. Anamupatsa mphindi imodzi yoti adzionetse, anthu anakuwa, kenako anamubweza kumdima, ndipo potchula mayina pomaliza onse anatchulidwa mayina awiriawiri koma iye dzina loyamba lokha. Kumeneko si kusakaniza, nkuwaza munthu ngati mchere pa ndiwo zophikaphika. Ngakhale mawu oti world music amene timawagwiritsa ntchitowa anagwirizana ndi akuluakulu a makampani a nyimbo pa msonkhano wina m'bala ku London mu 1987 pofuna dzina la shelefu m'mashopu ogulitsa zimbale, nde Mali, Bulgaria, India, Cuba onse analowa mu bokosi limodzi ngati ndi chinthu chimodzi. Anathandiza kugulitsa, sindikukana, koma anazoloweretsanso anthu kuganiza kuti kuli nyimbo zenizeni, kenako kuli zina zonsezo. Onjezani nkhani ya ma viza, mu 2018 oyimba ena amene amayenera kukaonekera ku WOMAD analephera kulowa m'dziko muno ndipo Peter Gabriel anadandaula poyera. Mwana wa ku Skye akhoza kunyamuka mawa kukaphunzira ku Dakar, koma mnzake wa ku Dakar kuti abwere ku Skye ndi phiri lalitali.

Nchifukwa chake zimene ndinaona m'kachipinda kaja ndimazitenga ngati zamtengo wapatali, chifukwa pamenepo panalibe wokongoletsa nyimbo ya mnzake. Mnyamata wa kora anayamba wakhala chete kuphunzira mayendedwe a eni nyumba, ndipo mtsikana wa fiddle atamva kuti mlendo walankhula anasintha mayimbidwe ake, anataya zina zimene amanyadira nazo kuti mnzake apeze popuma. Onse awiri anatuluka mu nyimbo ija atasuntha pamene anali.

Ndinabwererako masabata atatu apitawa, ndi mayi aja omwe. Bambo a chipewa analipo pampando wawo womwewo ndipo maganizo awo sanasinthe, anandiuza okha kuti iwo amakondabe reel yopanda zina, koma anakhala mpaka pomaliza. Chakumapeto anthu atayamba kuchepa mtsikana uja anauza mnyamata wa kora kuti lero uyambitse ndiwe, yakwanu. Iye anazengereza pang'ono kenako anayamba nyimbo ina imene anati bambo ake ankamuyimbira ali mwana, kachidutswa kakafupi kozungulirazungulira ka zala zazikulu, kenako zamkombaphala nkumathira pamwamba ngati madzi. Apa tsono akatswiri onse aja anasanduka ana a sukulu. Wa gitala analowa pamalo olakwika, anasiya. Wa bodhrán ankagwedeza mutu kufunafuna poyambira osapapeza, chifukwa pamene khutu lake limamuuza kuti apa ndi pa wani panali pakati. Mtsikana uja anatsitsa fiddle nkuiika pamiyendo, anati bwereza pang'onopang'ono, mnyamatayo anabwereza, anamugwira dzanja nkumamuombetsa patebulo pamene phazi liyenera kugwera, kasanu, kakhumi, mpaka anatenga uta nkuliza liwu limodzi lokha lalitali pansi pa kora, limodzi basi, ndipo linakhala pamalo pake. Wa m'bala anabwera kudzatolera matambula nkutiuza kuti nthawi yatha.

Tinatuluka atatu kupita pokwerera basi, kamvula kaja kakuwazabe. Agogo ake ankandifotokozera za rota ya sabata yamawa koma mtsikanayo sanamve nkamodzi komwe, anali kumbuyo kwathu chikwama cha fiddle atachikumbatira pachifuwa, zala zikugogoda pachivindikiro, akuwerenga chapansipansi, kulakwitsa, kuyambiranso.